Kodi Phirili Mwalipempha?

Chaka chija mlamu wanga anabwereka chikatapila chaching'ono kuti chidule masitepe m'munda wa mlongo wanga, umene uli pa chitunda chotsetsereka kufupi ndi Tsangano m'boma la Ntcheu, kumene mbatatesi imabereka bwino koma nthaka imathawa chaka ndi chaka, panafika mkulu wina wa mpingo, munthu wa imvi zake amene anaona ulamuliro wa atsamunda ali mnyamata; ndipo atayang'anitsitsa kwa nthawi m'mene dzino la chitsulo linali kung'ambira nthiti za phiri, anavula chipewa, natembenukira kwa mlamu wangayo, nati, "Pepanitu bambo, ndangoti ndifunseko: kodi phirili mwalipempha?" Anyamata amene anali kukhoma zikhomo anaseka, poyesa kuti ukalamba wayamba kuwabwebwetetsa agogowo. Mlamu wanga anayankha mwaulemu kuti anapempha kwa amfumu ndi kwa eni mbumba, ndi kuti alangizi a zaulimi anabwera okha kudzayeza. Koma mkuluyo anangogwedeza mutu, navala chipewa chake, napitirira ulendo. Ine, amene ndine nkhoswe ya banjalo, ndinaseka nawo pang'ono, ndivomere. Koma mawu a akulu akoma akagonera, ndipo awa agonera mwa ine kufikira tsopano.

Ndiyambe ndafotokoza ntchito yake, pakuti sikuyenera kuweruza mlandu wa munda munthu usanauponde. Masitepe a m'phiri si akalozera kapena milambala imene alimi ambiri anaizolowera, imene imangotchinga madzi phiri lili chikhalire. Kupanga masitepe ndiko kusema phiri lenilenilo, kuti pamene panali chitsetse chimodzi pakhale mabwalo athyathyathya osanjikana ngati makwerero. Woyeza amatsogola ndi mitengo itatu yomangidwa ngati chilembo cha A, yokhala ndi chingwe ndi mwala wolendewera, nakhoma zikhomo pa malo olingana msinkhu mopingasa phiri. Pambuyo pake makina amapala nthaka yakuda ya pamwamba, imene kuya kwake kumalo otere sikufika ndi pachigongono pomwe, naiunjika pambali monga mayi apatula mbewu asanayambe kutapa za m'nkhokwe. Atatero amakumba katondo wa kumtunda namuthira kumunsi, kufikira mbali yokumbidwa ndi mbali yothiridwa zitalingana. Ndipo potsiriza amabwezera nthaka yakuda ija pamwamba. Bwalo liyenera kupendekera pang'ono kuphiri, osati kuchigwa, kuti madzi asalumphe pamlomo pake. Khoma lake liyenera kumangidwa ndi miyala kapena kubzalidwa udzu wa vetiva. Ndipo pamwamba pa munda wonse payenera kukhala ngalande yolandira madzi ochokera kumtunda ndi kuwaperekeza kukhwawa. Phiri likanyanya kutsetsereka, bwalo limachepa, khoma nilitalika. Ndipo pali chinthu chimodzi chimene woyendetsa makina wochenjera sachiiwala: theka la sitepe ndi phiri lakale lolimba, koma theka linalo ndi dothi la dzulodzuloli, looneka ngati nthaka pamene lisanagwirane, ndipo makina akaponda m'mphepete mwa dothi lothiralo amagubuduzika munthu asanathe kuitana amake.

Ntchito imene banja lonse likanaigwira ndi makasu ndi mapiki kwa zilimwe zitatu kapena zinayi inatha pa masiku owerengeka m'manja. Ndinaona zimenezi ndi maso anga, ndipo sindibisa kuti mtima wanga unazizwa ndi kukondwa.

Poyamba ndinayesa kuti funso la mkulu uja linali la mantha a chipembedzo, monga ngati kusintha maonekedwe a phiri ndiko kutsutsa Namalenga amene analiumba. Ndipo zikanakhala kuti ndinamva bwino, yankho silikanavuta. Pakuti dziko limene aneneri anayendamo ndi dziko la mapiri, ndipo mapiri a Yudeya anasemedwa masitepe kuyambira kalekale, mipesa ndi azitona nizimera pamenepo. Ndipo pamene Yesaya, m'mutu wachisanu wa buku lake, afuna kufanizira chikondi cha Mulungu pa anthu ake, sasankha mbusa kapena mfumu, koma mlimi wa pachitunda amene akumba, nachotsa miyala, nabzala. Ngakhale kuno kwathu ku Africa nzeru imeneyi siinabwere pa sitima ya azungu. Ku Nyanga, kum'mawa kwa Zimbabwe, kuli mapiri ndi mapiri ozengedwa ndi makoma a miyala amene anthu akuda anamanga zaka mazana angapo atsamunda asanafike. Ndipo a Konso a ku Ethiopia akusamalabe masitepe a miyala a makolo awo, ena otalika kuposa munthu, kotero kuti mu 2011 bungwe la UNESCO linawerengera dera lawo pakati pa chuma cha anthu onse a pansi pano. Kuwonjezera apo, munda wa mlongo wanga sunali phiri losakhudzidwa. Nkhalango yake inagwa kale agogo athu ali moyo, khasu linalowamo, ndipo dzinja lililonse madzi ofiira anali kutsika nacho chonde kumka ku madambo a anthu ena. Munthu amene waona bala likuchucha magazi, napinda manja ponena kuti thupi ndi la Mulungu, sitimutcha woopa Mulungu.

Tsono ngati funsolo silinali la mantha, linali la chiyani? Ndaganizira, ndipo ndafika pokhulupirira kuti mkuluyo ponena phiri anali kunena madzi. Makolo anati madzi saiwala khwawa. Ndipo mwambi umenewu, umene timaugwiritsa ntchito ponena za munthu wobwerera ku khalidwe lake lakale, pa phiri si mwambi konse koma lamulo. Dontho lililonse logwa pamtunda lili ndi njira imene makolo ake anayendamo kuyambira pachiyambi, ndipo wodula sitepe watseka njira imeneyo, nauza madzi kuti, "Imani pano, lowani pansi, kapena dzerani uko kumene ndakukonzerani." Madzi amamvera, koma amamvera monga mlendo wamphamvu amvera mwini mudzi, pokhapokha ulemu wake ukuperekedwa: ngalande ikhale yotseguka, khoma likhale lopanda una wa mbewa, udzu ukhale wamoyo. Tsiku limene ulemuwo waleka, madzi amene kale anali kutsika mobalalika phiri lonse amasonkhana pamalo amodzi, naboola khoma loyamba, nagwera pa lachiwiri ndi mphamvu yowirikiza, ndi pa lachitatu moposa apo. Kotero kuti masitepe osiyidwa amabala zigwembe zoopsa kuposa za phiri limene silinakhudzidwepo. Anthu a dziko lino safunika kuuzidwa kuti phiri limayenda. Anaona Napolo ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, ndipo m'mwezi wa Marichi mu 2023, pa nthawi ya namondwe wa Freddy, phiri la Soche linatsikira pa nyumba za ku Chilobwe anthu ali m'tulo. Kaya munthu anena kuti ndi njoka yaikulu ya pansi pa phiri imene ikusamuka, kaya anena kuti ndi dothi lokhuta madzi limene laleka kugwira thanthwe, onse awiri avomerezana kuti pali mphamvu pamenepo imene siinasaine chikalata ndi munthu aliyense.

Chotero sitepe si chigonjetso, koma pangano. Ndipo pangano, monga adziwa aliyense amene anaimapo unkhoswe, silitha pa tsiku la ukwati. Apa ndipo pamene makina alowa m'nkhani yathu. Buku la Genesis, pofotokoza chifukwa chimene munthu woyamba anaikidwira m'munda, litchula ntchito ziwiri, ya kulima ndi ya kusunga, ndipo lizitchula pamodzi ngati ng'ombe ziwiri za goli limodzi. Masiku a khasu ng'ombe ziwirizi zinali kuyenda mofanana popanda wozikakamiza, pakuti dzanja limene linadula sitepe ndi lomwelo limene linali kudzalisamala, ndipo munthu sakanatha kudula zoposa zimene akanatha kusunga. Msana wake ndiwo unali malire ake. Akadula sitepe limodzi chilimwe chino, dzinja linali kubwera kudzamuonetsa pamene walakwitsa, iye nakonza, nadula lachiwiri ali ndi nzeru ya loyamba. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo pa kudumpha kulikonse anali kuona pamene watera. Kuchedwa kumeneko ndiko kunali kupempha. Phiri linali kupatsidwa mpata woyankha munthu asanafunsenso kachiwiri.

Makina amakuza ng'ombe imodzi, inayo niitsala monga inaliri. Amadula pa sabata imodzi masitepe khumi, onse mvula isanagwe ngakhale kamodzi, kotero kuti ngati woyeza analakwitsa, kulakwako kwalembedwa kakhumi phiri lisanatsegule pakamwa. Ndipo atatha kudula amakwezedwa pa lole, napita ku boma lina. Koma palibe chikatapila chimene chidzabwera usiku wa mu Febuluwale kudzatsegula ngalande imene yatsekedwa ndi zinyalala, kapena kudzabwezera mwala umene mbuzi yagwetsa, kapena kudzapachiza vetiva pamene wauma. Ntchito ya kusunga ikali ya khasu, ya manja ndi ya maso, monga inaliri m'masiku a Adamu. Mphamvu yathu yolonjeza yakula kakhumi, koma mphamvu yathu yokwaniritsa ili pomwepo. Ndipo ndiyesa kuti pa zinthu zambiri za m'badwo uno, osati za ulimi zokha, vuto lagona pamenepa.

Pano ndiyenera kudzigwira, kuti ndingagwe m'tchimo la anthu ophunzira amene amatamanda khasu iwo atakhala pa mpando wofewa. Thukuta la pankhope limene litchulidwa m'mutu wachitatu wa Genesis ndi chilango, si lamulo la chipembedzo. Ndipo palibe paliponse pamene tiuzidwa kuti wochepetsa chilangocho pa mnzake wachimwa. Ndinaona amayi anga akupindika msana asanafike zaka makumi asanu ndi limodzi chifukwa cha minda ya m'mapiri yomweyi, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu yowatumizira makina m'masiku awo, sindikanayamba ndafunsa anzeru a zaumulungu. Komanso chonde chikuthawa lero, ndipo nthaka yokwana kunenepa kwa chala imatenga mibadwo kuti ipangike. Wodikira zilimwe zinayi angathe kumaliza masitepe ake pamene choti asunge chapita kale. Chotero sindinena kuti makina abwerere kumene anachokera. Ndinena kuti malire amene kale msana unali kutiikira tisanafune, tsopano tiyenera kudziikira tokha ndi mtima; ndipo ichi n'chovuta koposa, pakuti woyendetsa amalipidwa pa ola, dizilo ali kale m'thanki, ndipo mawu akuti "tidulenso ena awiri makina asanapite" ndi okoma m'khutu monga chipatso chija chinakomera m'maso.

Mkulu uja anali ndi chifukwa chake chokayikira ntchito yobwera mwaliwiro kuchokera kunja, pakuti m'badwo wake unalawa malimidwe. Boma la Nyasaland linakhazikitsa lamulo losamalira zachilengedwe mu 1946, ndipo itapita njala ya 1949, m'masiku a bwanamkubwa Geoffrey Colby, linalimbitsa dzanja: anthu anakakamizidwa kuunda mizere mopingasa ndi kukumba milambala, makapitawo anayendera minda, ndipo olephera analipitsidwa, ena namangidwa, ena nazuliridwa mbewu. Kunena zoona, nzeru ya atsamundawo pa za madzi siinali yabodza yonse. Nthaka inalidi kukokoloka. Koma anthu anadana nayo ntchitoyo monga munthu adana ndi chingwe, kotero kuti m'boma lomweli la Ntcheu, mu 1953, Inkosi Gomani yachiwiri, Philip Gomani, potsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, inauza anthu ake kuti aleke kumvera malamulo a malimidwe, ndipo chifukwa cha ichi inachotsedwa pampando, nimwalira chaka chotsatira. Chikakamizo chitatha, milambala yambiri inasiyidwa kuti igwe, pakuti palibe amene asunga pangano limene analumbira mkono uli wopotokoledwa. Koma taonani za ku Machakos m'dziko la Kenya, kumene a Kamba nawonso anakakamizidwa kukumba masitepe, nadana nayo ntchitoyo: pambuyo pake, ataona okha kuti munda wa masitepe umasunga chinyezi ndi kubereka mbewu zogulitsa ku Nairobi, anayamba kukumba mwa kufuna kwawo, m'magulu othandizana amene ambiri anali a amayi, akuponya dothi kumtunda kwa ngalande mwa njira imene amaitcha fanya juu, ndipo ofufuza amene analemba za dera limenelo mu 1994 anapeza kuti pakati pa 1930 ndi 1990 anthu anachuluka pafupifupi kasanu, koma kukokoloka kwa nthaka kunachepa. Dothi lake ndi lomwelo, nzeru yake ndi yomweyo. Chosiyana ndi mtima wa wogwira khasu. Kapitawo wa malimidwe ndi chikatapila sindiwayesa amodzi, pakuti wina anabwera ndi chikoti ndipo china chimabwera poitanidwa. Koma afanana pa ichi, kuti onse awiri angathe kuika sitepe pa phiri lisanamere m'mtima wa mwini munda.

Ndipo mwini munda ndani? Apa ndipo pamene nkhaniyi inandikhudza ine mwini, pakuti mlamu wanga ndi mkamwini. Munda umenewo ndi wa mbumba yathu. Anaulima agogo anga aakazi, naulima amayi anga, ndipo udzatsikira kwa ana aakazi a mlongo wanga. Mlamu wangayo anagulitsa ng'ombe ziwiri za kwawo kuti alipire makina pa nthaka imene, mwa mwambo wathu, angathe kuisiya tsiku lina ndi bulangete lokha paphewa. Anthu ena a m'mudzi anamuseka mseri, akukumbutsana kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ndipo si chinsinsi kuti amuna ambiri a ku chikamwini safuna kubzala mtengo kapena kumanga khoma pa chifukwa chomwechi. Ine ndinada nkhawa ndi mbali ina: iye akadzachoka, kaya ndi imfa kaya ndi mlandu, adzasunga masitepewa ndani? Awiri mwa ana ake ali ku sukulu ku Lilongwe, ndipo maso awo sali kuphiri. Iye analonjeza madzi m'dzina la anthu amene sanafunsidwe, ena a iwo asanabadwe n'komwe.

Koma pamene ndinali kumuweruza chotero, ndinakumbukira lamulo la chaka choliza lipenga, m'mutu wa 25 wa Levitiko, pamene Aisraele aletsedwa kugulitsa nthaka mpaka kalekale, pa chifukwa chakuti mwini wake ndi Yehova, ndipo iwo akhalapo monga alendo. Ngati ndi tero, ndiye kuti ine nkhoswe, ndi mlongo wanga, ndi amfumu amene anagawa malowo, tonse tili pa chikamwini. Tonse tinafika mudzi utamangidwa kale, tinapatsidwa pogona ndi polima mwa chisomo, ndipo tidzachoka osanyamula ngakhale chibuma chimodzi. Amene anamanga makoma a ku Nyanga anapita, ndipo maina awo palibe awadziwa. Mkamwini wabwino si amene akana kumanga poopa kuti adzachoka, ndiponso si amene agumula ndi kumanga monga afuna poiwala kuti pali eni. Ndiye amene agwira ntchito ndi mphamvu zake zonse, koma asanasunthe chinthu chachikulu ayamba wafunsa, nadikira yankho. Ndipo ndinaona kuti mlamu wanga anapambana ine pa mbali yoyamba, pakuti ine m'zaka zonse za unkhoswe wanga sindinaikepo mwala ndi umodzi womwe pa munda wa amayi anga. Chimene chinamusowa ndi mbali yachiwiri yokha, ndipo chinamusowa chifukwa makina sadziwa kudikira.

Buku la Miyambo lili ndi chithunzi cha munthu wopita pafupi ndi munda wa waulesi, naona minga itamera ponseponse ndi linga lake la miyala litagumuka. Ndili mwana ndinali kumva ndimeyi ngati chidzudzulo cha iwo osafuna kuyamba ntchito. Tsopano ndiona kuti lingalo linamangidwa ndi wina wake, kapena ndi waulesiyo m'masiku a changu chake, kapena ndi atate wake. Ndipo chimene mlembi adzudzula si kusamanga, koma kugona pamene chomangidwa chikupempha dzanja.

Masitepe anadulidwa asanu ndi atatu. Malo analipo a ena awiri kumtunda, pansi pa thanthwe, ndipo woyendetsa anaumirira kuti awamalize. Koma mlongo wanga, amene sanalankhule kanthu pa tsiku la funso lija, anakana kwamtuwagalu, nati amenewo adikire chaka china. Mvula yoyamba inagwa bwino, madzi naima m'mabwalo monga anauzidwira. Koma pakati pa mwezi wa Febuluwale inagwa usiku wonse osakata, ndipo m'mawa mwake ndinalandira uthenga wakuti khoma la sitepe lachinayi latsika, pamalo pamene dothi lothira linali lakuya koposa ndipo vetiva anali asanagwire, nilikwirira mizere isanu ndi umodzi ya mbatatesi pa sitepe la kumunsi kwake. Chikatapila chinali kutali, chikukumba damu kwa munthu wina.

Nditafika ndinapeza mlamu wanga ali m'matope mpaka m'maondo, akuyala miyala patsinde pa khomalo, mlongo wanga ndi mwana wawo wotsiriza akututa ina pamutu kuchokera kukhwawa. Dzuwa litakwera pang'ono tinaona mkulu uja akukwera chitunda pang'onopang'ono ndi ndodo yake, mdzukulu wake ali pambuyo atasenza mtolo wa vetiva wozulidwa m'munda mwawo, mizu ikali ndi dothi. Za phiri sanatchulenso. Anapereka moni kwa aliyense monga mwa msinkhu wake, nafunsa za ana a ku Lilongwe, nayang'ana khomalo kuyambira uku kufikira uko, ndipo atatero analoza ndi ndodo pamene madzi anali kutulukabe pansi pa miyala, nati, "Bambo, apa musatsekepo, siyani kampata apume." Mlamu wanga anachotsa mwala umene anali atangouika. Ine ndinavula jekete, ndinalipachika pa chitsa, ndipo ndinafunsa mlongo wanga kumene kunali khasu lina.